Mawu Anga Pakamwa pa Ibanri

Ndinaona kanemayo Lamlungu masana ndili m'takisi yochokera ku tchalitchi, zovala za kwaya ndisanavule. Donbok, woimba ng'oma m'bandi yathu, ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha: "Usapse mtima." Munthu akayamba ndi kukuletsa kupsa mtima usanamve n'komwe nkhani, dziwa kuti zinthu zaonongeka kale. Ndinavala mahedifoni n'kutsegula tsamba lathu la pa intaneti.

Tsambalo tinaliyambitsa ine ndi chibwenzi changa Wanlam zaka ziwiri zapitazo. Timatenga nyimbo zaphokoso zotchedwa metal za mabandi akunja n'kuziimba mwa njira yathu, iye pa gitala, Donbok pa ng'oma, ine pa mawu. Ndikati mawu musaganize za kuimba kokometsera. Ine ndimabangula, mawu ochokera pansi pa mimba, okhakhala ngati akukoka lata pamiyala. Anthu olemba ndemanga akhala akukangana zaka zonsezi ngati woimbayo ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa nkhope yanga sinaonekepo. Kamera imaonetsa zala za Wanlam, ndodo za Donbok, ndi msana wa munthu wofunda nsalu yakuda kumutu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ndine Daphisha Nongrum, mwana wamkazi wotsiriza kwathu, ndiye kuti nyumba ya makolo ku Mawlai, mumzinda wathu wa Shillong, idzatsala m'manja mwanga pamodzi ndi katundu wake yense: kusamala amayi akakalamba, kulandira mbale aliyense wa fuko lathu amene wasowa kolowera, ndi kukhala chitsanzo kwa ana a azikulu anga. Ndimaimbanso sopulano m'kwaya, ndipo amalume anga a Shemphang, mlongo wa amayi, ndi mkulu wa mpingo. Mwana wotsiriza wa kwa Nongrum sabangula.

Kanema wa tsikulo anali ndi nkhope. Anali Ibanri, mtsikana wa ku Laitumkhrah amene ankakonda kubwera kudzakhala pakona tikamayeseza, akuti amangokonda nyimbo. Anali ataima pakati pa Wanlam ndi Donbok, akupukusa tsitsi, milomo yake yopaka utoto wakuda ikutseguka ndi kutsekeka. Chotuluka pamilomopo chinali mawu anga.

Ndinaonera kachiwiri, kachitatu, mpaka mayi amene tinapanikizana naye pampando anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Chimene chinandilasa kwambiri sichinali milomo koma mpweya. Ibanri ankapuma paliponse pamene ine ndimapuma, ngakhale pakati pa mzere wachitatu pamene woimba wina aliyense sapumapo koma ine ndekha, chifukwa cha chifuwa changa chaching'ono. Nyimbo ikasakanizidwa ndi gitala ndi ng'oma, kupuma kumeneko sikumveka. Kuti munthu akudziwe, ayenera kuti anamvetsera mawu anga ali okha, zida zisanaphatikizidwe, mmene ndimawajambulira Lachitatu lililonse, ndi kutsokomola kwanga, kulakwitsa kwanga, ndi zocheza zonse zimene timanena maikolofoni ali otsegula. Ndinamuuza Wanlam tsiku loyamba lenileni kuti mawu amenewo ali ngati ine ndili m'bafa, asadzawamve munthu wina. Analumbira atagwira dzanja langa.

* * *

Nditafika kunyumba ndinayesa kulowa patsamba kuti ndichotse kanemayo. Mawu achinsinsi olowera, amene tinkadziwa awirife, anali atasinthidwa.

Ndinamuimbira Wanlam kanayi osayankha. Kenaka mauthenga anayamba kubwera amodziamodzi ngati madontho a denga lothonya. Choyamba anati ali ndi amayi ake. Kenaka anati andifotokozera zonse. Kenaka anati ndione kuchuluka kwa anthu amene aonera, akuti sizinachitikepo. Pomaliza anatumiza kachithunzi ka mtima, ndipo apo ndiye ndinaponya foni pabedi. Lamulo lathu linali lakuti palibe choikidwa patsamba tisanavomereze tonse awiri. Ine amene ndinkadzitama kuti ndine wochenjera, ndinali nditagwiritsidwa fuwa la moto ndi munthu amene amalume ake amayembekezeka kwathu mwezi wa mawa kudzakambirana za ukwati.

* * *

Tinakumana Lolemba pa kanyumba ka tiyi ka ku Laitumkhrah kamene timakonda, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse. Ndinampeza ataitanitsa kale tiyi wanga wopanda mkaka, ndipo kukumbukira kwakeko kunangondiwonjezera ukali.

Anayamba ndi nkhani ya mpikisano wa mabandi wa ku Guwahati. Anati a mpikisano salandira kanema wa msana wa munthu, amafuna nkhope ndi dzina la woimba aliyense, ndipo tsiku lomaliza kutumiza linali Loweruka lapitali.

"Ndinakufunsa katatu, Daphi," anatero.

"Ndinakuyankha katatu."

"Ndiye ndikanatani? Tikhale m'kachipinda kokhomedwa mathileyi a mazira kaja mpaka tidzamere imvi? Ndachitira tonsefe."

Ndinamufunsa kuti Ibanri anadziwa bwanji popumira. Anayang'ana m'kapu ngati yankho lamira m'menemo. Kenaka anavomera kuti anamupatsa mawu anga aja ali okha, kuti milomo igwirizane bwino. Ndinafunsa kuti anayeseza masiku angati. Anati masabata atatu. Ndinafunsa kuti ankayesezera kuti, ngakhale ndinkadziwa kale. Anali m'kachipinda kathu komweko, Lachitatu lililonse, ine ndikangotuluka kuthamangira ku kwaya. Ine ndinkasiya mawu anga ali ofunda, wina n'kulowa kudzawavala.

Ndinkayembekezera kuti apepesa. M'malo mwake anatulutsa zimene zikuoneka kuti anazisunga nthawi yaitali. Anati iye akudziwa moyo wa mwamuna wokwatira mwana wotsiriza, chifukwa bambo ake ndi mmodzi wa iwo. Anali katswiri wa gitala paunyamata wawo, koma atalowa m'nyumba ya apongozi, gitalayo inakwera pamwamba pa kabati ndipo ikadali pomwepo yopanda nsambo.

"Ndikalowa kwanu ndidzakhala mlendo mpaka imfa," anatero. "Amalume ako akadzati khosomola, ndidzakhosomola. Ndimafuna ndikhale ndi chinthu chimodzi changachanga ndisanalowe m'menemo."

"Chinthu chakochakocho ndi khosi langa?"

Asanayankhe, Ibanri anatulukira akukutumula ambulera. Sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi. Anakhala pafupi ndi Wanlam, natenga kapu yake n'kumwako osapempha, kenaka anatulutsa kwai m'chikwama, kamtedza kokulunga m'tsamba kamene timatafuna kwathu kuno, anagawa pakati, theka n'kumupatsa. Wanlam analandira n'kuyamba kutafuna ngati chizolowezi, ndipo ndinazindikira kuti chinalidi chizolowezi.

"Kong Daphi," anatero Ibanri, akukoka Kong uja, ulemu woitanira mkazi wamkulu, mpaka kusanduka chipongwe, "musadandaule. Mawu anu ndi abwino zedi, amangosowa munthu wowatulutsa panja kuti aone dzuwa."

"Wobangula weniweni mapewa sakwera akamapuma, mng'ono wanga," ndinayankha. "Odziwa aona kale. Werenga ndemanga za m'munsi, osati za anyamata amene akutamanda tsitsi lakolo."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Ndinanyamuka tiyi ndisanamulawe. Wanlam sananditsatire, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono dala mpaka pa mphambano kuti ndimupatse mpata.

* * *

Lachiwiri madzulo amalume anabwera atavala jekete yawo ya misonkhano ya mpingo, chizindikiro chakuti sanabwerere kucheza. Amayi, amene tonse timawaitana kuti Mei, anawakonzera kwai m'mbale, ine n'kuika tiyi pamoto. Nditabwera ndi makapu ndinamva mawu anga akutuluka m'foni ya amalume, m'chipinda chochezera cha nyumba imene sindinabangulemo chibadwire. Makapu anagundana pathileyi.

Kholo lina la mumpingo ndi limene linawatumizira kanemayo. Anandilozera Wanlam ndi chala, nandifunsa ngati ameneyo ndi mnyamata amene akufuna kutumiza amalume ake pakhomo pano. Ndinavomera. Anandilozera Ibanri, nandifunsa ngati ndikumudziwa mtsikana wogwidwa ndi ziwandayu. Ndinati ndimamuona.

"Taona mmene aimirira moyandikana," anatero amalume. "Iwe uli ku kwaya ukutamanda Mulungu, mnzako ali m'magalaja ndi akazi ouwa. Makolo a mwana ameneyu ndikuwamvera chisoni. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo."

Ananena kuti ulendo wa amalume a Wanlam wayamba waima, ndipo atumiza uthenga okha. Kenaka anandiyamikira. Anati pa adzukulu awo onse ine ndi amene sindinawagonetsepo ndi nkhawa, ndipo akamandimva m'kwaya amadziwa kuti nyumba ya amayi awo idzatsala m'manja oyera. Ndinayang'ana pansi ngati mwana wabwino amene ankamunenayo, manyazi akundidya.

Asanazimitse foni anamvetseranso pang'ono, atakwinya nkhope. Amalume anatsogolera kwaya zaka khumi ndi zisanu, ndipo khutu lawo silinama ngakhale mtima utakana.

"Koma mpweya ali nawo mtsikanayu," anatero monyinyirika. "Mzere wonse uja osaduka. Zikanakhala kuti amaimbira Mulungu."

Zaka zonse zimene ndaimba sopulano pamaso pawo, sanandiyamikepo za mpweya. Chiyamikiro chimene ndinkachifuna kuyambira ndili mwana chinabwera tsiku limenelo, n'kupita kwa Ibanri. Mei ankangodula kwai.

* * *

Lachitatu ndikutuluka kokonzekera kwaya ndinapeza Wanlam ataima kuseri kwa mpanda wa tchalitchi, kumene amalume sakanamuona. Maso ake anali ofiira, ndipo mtima wanga wopusawu unadumpha poganiza kuti wabwera kudzapepesa.

Anali ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yakuti bandi yathu yasankhidwa pakati pa mabandi khumi, ndipo Loweruka masana oweruza akubwera kuno ku Shillong kudzamva bandi iliyonse ikuimba pamaso pawo mu holo. Yachiwiri inali yakuti Ibanri anayesa kubangula yekha masiku awiri, akukankha ndi khosi m'malo mwa mimba monga amachitira onse osadziwa, ndipo tsopano ngakhale kunong'ona sakutha.

Ndinaseka, sindibisa. Ndinaseka mpaka ndinagwira mpanda.

Iye sanaseke. Anati anakaona holoyo, ndipo kuseri kwa zokuzira mawu zikuluzikulu kuli nsalu yotchinga yofika pansi. Ine ndikaima kumeneko ndi maikolofoni enieni, Ibanri kutsogolo ndi ozimitsidwa. Donbok akuti anakana poyamba, kenaka anati zili kwa ine.

"Kwa iwe palibe chosintha," anatero Wanlam. "Wakhala ukubisala zaka ziwiri. Kusiyana kwake n'kotani?"

Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kumwa madzi ofunda ndisanajambule, amene anandimva ndikubangula koyamba n'kugwetsa misozi. Sankaonadi kusiyana pakati pa kudzifunditsa wekha nsalu ndi kufunditsidwa kuti wina aoneke.

"Nanga ndikati ndiime kutsogolo, nkhope poyera?" ndinafunsa.

Anati oweruza ali ndi dzina la Ibanri ndi nkhope ya Ibanri, ndipo akadziwa kuti kanemayo anali wachinyengo atichotsa, tsamba lathu n'kusanduka choseketsa. Anati tidikire mpikisano udutse, kenaka tidzakonza zonse bwinobwino, ndipo amandikonda ine ndekha. Ndinamuuza kuti ndikaganize.

Ndisanafike n'komwe kunyumba, uthenga unalowa kuchokera kwa Ibanri. Khosi linali litafa koma zala zinali zamoyo. Anatumiza kachidutswa ka mawu anga ojambulidwa aja. Ndinadzimva ndikumaliza mzere wa nyimbo, kenaka ndikuseka, kenaka ndikutsanzira mmene amalume amapempherera motalikitsa, Wanlam akufa ndi phwete, ine n'kunena kuti, "Amalume a Shemphang atandimva angakomoke." Pansi pake analemba kuti: "Loweruka kuseri kwa nsalu, Kong. Mukapanda kubwera, amalume anu amva izi Lamlungu m'mawa."

Ndinatumiza uthengawo kwa Wanlam mmene unalili. Anayankha patapita ola lathunthu. Anati Ibanri akungoseka, ali ndi mantha chabe, ndisamutengere. Sananene kuti amuletsa.

* * *

Lachisanu sindinadye nkhomaliro. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditanyowa kale mpaka m'mafupa. Ndikaima kuseri kwa nsalu Loweruka, ndidzaimanso ku Guwahati, ndi kwina kulikonse kumene Ibanri angafune, chifukwa kachidutswa kaja sikadzatha ntchito. Akatumiza kwa amalume, adzamva mdzukulu wawo akuwanyoza kumbali. Pa zonsezi chimene sindinathe kupirira chinali chakuti nkhani ya mawu anga ikafike kwathu kudzera mwa munthu wina.

Cha m'ma 3 koloko amalume anabwera ndi amayi awiri a mumpingo amene ankayendera mabanja. Atamwa tiyi, nkhani inafika pa ana a masiku ano, ndipo amalume anatulutsa foni kuti aonetse alendowo chitsanzo. Anayatsa kanema uja. Amayiwo anagwira pakamwa.

Ndinaika thileyi patebulo n'kuima pakati pa chipinda. Mimba yanga inali chilili.

"Amalume, tatsitsani mawu a foniyo mpaka azime," ndinatero. "Kanemayo musiyeni aziyenda."

Anandiyang'ana modabwa, koma poganiza kuti phokosolo likundinyansa, anatsitsa. Ibanri anapitiriza kutsegula pakamwa popanda chotuluka, ngati nsomba ya pa msika. Ndinadikira kuti afike poyambira ndime yachiwiri. Ndinakoka mpweya mpaka pansi pa mimba, n'kumupatsa mawu.

Magalasi a kabati ya Mei ananjenjemera. Mmodzi wa amayi aja anataya tiyi pa nsalu yake. Ine ndinangoyang'ana milomo ya pa foniyo, ndikupuma pamene ikupuma, ndikutseka pamene ikutseka, mpaka ndime inatha. Sindinaimbepo bwino chotero, ndipo ndinadziwa kuti amalume amva okha kuti palibe chonamizira.

Nditasiya, ndinatembenukira kwa amalume. Ndinawauza kuti woimba m'makanema onse a tsambalo ndine, kuyambira woyamba, ndipo pali mawu ena ojambulidwa amene ndinawatsanzira mwachipongwe, amene ndikupepesa asanawamve kwa wina.

Amalume anazimitsa foni n'kuiika m'thumba la jekete mosamala. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Sanandiyang'anenso n'komwe. Anatembenukira kwa Mei.

"Mlongo, itanani ana anu onse ndi azichemwali anu mawa masana," anatero. "Tikambirane za amene adzasunge nyumba ya amayi athu."

Anatuluka, alendo aja pambuyo pawo, akuthamangira nsapato ngati nkhaniyo iwapsereza m'kamwa asanaifikitse kwa anzawo. Mei anatola makapu amodziamodzi. Atafika pakhomo la kukhitchini anaima, nandifunsa osatembenuka ngati khosi silindipweteka ndikamatero. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu n'kulowa, ndipo ndinamva akutsegula mpopi mwamphamvu kuti ndisamve kulira kwawo.

* * *

Ndinakhala pa masitepe a kuseri n'kulembera Wanlam. Ndinamuuza kuti ndaulula zonse pamaso pa amalume, kuti mwina nyumba yandichoka, kuti mawa masana abale onse akukumana chifukwa cha ine pa nthawi yomweyo imene oweruza akhale mu holo. Ndinamuuza kuti palibenso chondibisitsa. Ngati akufuna, ndisiya msonkhano wa abalewo ndibwere ndidzaime pambali pake kutsogolo, tiuze oweruza zoona, zitichitikire zotichitikira tili limodzi. Ndinali nditamukwiyira sabata yonse, koma polemba mawu amenewo ndinkamukondabe, ndipo ndinkafuna kuti angonena kuti bwera.

Ndinaona kuti wawerenga. Anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenaka yankho linafika.

"Bwanji sunandifunse kaye? Analipo anthu angati? Uwapemphe asauze munthu mpaka mawa lidutse. Ufike 1 koloko, ulowere khomo la kumbuyo."